Fulashi ya ometa yautsa mtsutso wa nkhondo ku Zomba

Amene wayenda mu Zomba sabata yokumbukira asilikali, anthu atabaya timaluwa tofiira pa malaya, wadzimvera yekha kuti tauni yonse ikukangana za nkhondo. Chinautsa mapiri pachigwa ndi fulashi imodzi. Bambo wina wometa pafupi ndi msika anatuma mwana kwa anyamata oika nyimbo kuti akamudzazire za country, zija za Don Williams ndi Jim Reeves zimene madala amakonda kumva akamametedwa ndevu. Mnyamata wa pakompyuta ataona zithunzi za azungu atakolekera magitala anangokokera zonse: Bob Dylan, Joan Baez, Pete Seeger, Phil Ochs ndi The Byrds. Kwa iyeyo mzungu aliyense wogwira gitala ndi wa country basi.

Tsiku loyamba dandaulo linali la mawu. Kasitomala wina, thovu lili kumaso, anapempha kuti achotse "mkulu wolira m'mphunoyo," ati akuimba ngati mbuzi yomangidwa pa kaliyala wa njinga. Wina amene ankadikira pa benchi anaikira kumbuyo woimbayo. Anati tisanyoze, ameneyu ndi mkulu wake wa Bob Marley, bere limodzi, kungoti anakulira kwa amalume ake. Nkhani imeneyi inayenda mpaka ku depoti isanapeze woitsutsa. Anaithetsa ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, amene amametetsa pamenepo. Anati Dylan anabadwa mu 1941 ku Minnesota, Marley mu 1945 ku Jamaica, ndipo sanayamwe bere limodzi. Anawonjeza kuti wolira m'mphunoyo analandira mphoto ya Nobel mu 2016.

"Aphunzitsi, ndiye kuti oweruzawo anali ogontha?"

"Ayi achimwene, mphotoyo inali ya zolembalemba."

Benchi yonse inagwedeza mitu, aliyense n'kunena kuti tsopano zamveka.

Aphunzitsi akayamba safuna choko. Anafotokoza kuti nyimbozi zinaphuka ku America m'zaka za m'ma 1960, poyamba ndi gitala yopanda magetsi. Mu 1965 Dylan anakwera pa nsanja ku Newport ndi gitala yamagetsi ndi ng'oma, ena mwa omutsatira n'kumukuwiza, ndipo chaka chomwecho The Byrds anatchuka ndi kaimbidwe kosakaniza kotchedwa folk rock. Chaka chomwechonso America inayamba kutumiza asilikali ankhaninkhani ku Vietnam. Mnyamata akakwanitsa zaka 18 ankayenera kulembetsa, kalata ikabwera n'kupita, pamene kuvota m'madera ambiri kunali kwa a zaka 21. Amene anali ku koleji ankamuimikira kaye. Motero ana ambiri a anthu opeza bwino anatsala m'kalasi, ana a amphawi n'kukwera ndege. Pomatha nkhondoyo, asilikali a America oposa 58,000 anali atafa, ndipo a ku Vietnam, asilikali ndi anthu wamba, anafa mamiliyoni. Nyimbo ya Dylan ya mu 1963, Masters of War, imakalipira opanga zida amene amalemera ali khale m'maofesi. Phil Ochs mu 1965 anaimba za msilikali amene wamenya nkhondo zonse za dziko lake ndipo watopa kuguba.

Apa ndi pamene anatsokomola asajeni. Awa ndi bambo opuma usilikali, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali m'gulu lolondera njanji ya Nacala ku Mozambique pamene a Renamo ankaiphwasula. Amayenda chowongoka mpaka lero, ndipo ana akawaona amabisa manja akuda.

"Aphunzitsi, oimba anuwo anagonapo m'tchire mvula ikugwa, jombo zili kuphazi?"

Sanadikire yankho. Anatchula Rwanda, kumene mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100, bungwe la United Nations n'kuchepetsa asilikali ake nthawi imene ankafunika kwambiri. Anatchula Idi Amin, amene analowerera chigawo cha Kagera mu 1978, Julius Nyerere n'kumuthamangitsa mpaka Kampala inagwa mu Epulo 1979. Potsiriza anatchula mwana wathu Chancy Chitete, amene anafera ku Congo mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala, ndipo United Nations inamulemekeza ndi mendulo yapamwamba chaka chotsatira. "Mundiuze, pamene zigawenga zikulowa m'mudzi ndi zikwanje, anthu amaitana woimba kapena msilikali?"

Aphunzitsi ndi munthu wachilungamo. Anavomera kuti ngakhale ku America komweko si onse ankakonda nyimbo zotsutsa nkhondo. Mu 1966 nyimbo imene inakhala pamwamba kwa masabata 5 inali yotamanda asilikali, The Ballad of the Green Berets, ndipo anaiimba ndi sajeni weniweni, Barry Sadler. Asajeni athu anamenya ndodo pansi mokondwa: "Ameneyo ndiye muike mu fulashimo!" Koma sanachoke. Anapempha kuti nyimbo ya Ochs ibwerezedwe, aphunzitsi n'kumawamasulira pang'onopang'ono. Itafika pamene woimbayo akudandaula kuti olamula nkhondo ndi ena, okafa ndi ena, asajeni anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Koma apa mnyamatayu sananame."

Pofika Lachinayi nkhani inali italowa mumsika, ndipo amayi anaitenga mwa njira yawo. Za magitala analibe nazo ntchito. Chimene chinawagwira mtima ndi Joan Baez, amene mu Ogasiti 1969 anaimba ku Woodstock pamaso pa anthu pafupifupi 400,000 ali ndi pathupi pa miyezi 6, mwamuna wake David Harris ali m'ndende chifukwa chokana kulowa usilikali. Mayi wogulitsa usipa anati ameneyo ndiye mkazi. Mnzake wa pa tomato anafunsa kuti apongozi ake anali kuti, mpaka kumulola kuyenda usiku m'matope ali choncho. Atamva kuti mu 1964 Baez anakana kulipira gawo la msonkho limene linkapita ku zida, wokhometsa ziphaso zamumsika, amene ankamvetsera chapatali, anachenjezeratu kuti pasapezeke wotengera. Mayi wa mandasi ndiye anali ndi mlandu wake pa nkhondo zonse. Anati iye sadziwa kumene kuli Ukraine, koma chiyambireni nkhondo ya kumeneko mu 2022 ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira zamudziwa iyeyo, ndipo mandasi ake akucheperachepera ngakhale sanalakwire aliyense.

Kuseka kunatha pamene analankhula mayi wina wogulitsa kachewere, amene nthawi zambiri salowerera nkhani. Iye anabadwira ku Angónia ndipo analowa ku Ntcheu mu 1986 ali mwana, mng'ono wake ali kumsana.

"Anzanga, ine nkhondo ndinaiona. Anabwera a mbali iyi, anatenga mbuzi. Anabwera a mbali inayo, anafunsa kuti mbuzi munapatsa ndani, n'kutentha nkhokwe. Onsewo ankati akumenyera ife. Ndiye inatha bwanji? Akuluakulu anakhala pa tebulo n'kulemba pepala. Tebulo limenelo linali kuti zaka zonse zija?"

Palibe anamuyankha, ndipo ine sindikuona amene angamuyankhe mosavuta. Nkhondo ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa. Malawi inasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Chimene chikundikhudza n'chakuti mayiyu ndi asajeni aja akunena za nkhondo imodzi yomweyo. Wina anali pa njanji ndi mfuti kuti mafuta ndi mchere zifike kuno, wina anali pa njira ya m'tchire akuthawa. Onse awiri akunena zoona.

Mtsutso wokoma kwambiri unachitikira pa bawo, pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata wina wa ku Chanco, wophunzira mbiri, anafika ndi chidziwitso chake chatsopano n'kulengeza kuti madala akuvutikira nyimbo za azungu pachabe, popeza John Chilembwe ananena zomwezo pafupifupi zaka 50 Dylan asanatsegule pakamwa. Ndipo pamenepa mnyamatayu anali pa mzere. Nkhondo ya Chiwaya, ija yoyamba ya dziko lonse, itafika kuno, Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga pa 9 Seputembala 1914, ndipo ambiri mwa amene anagwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Mu Novembala chaka chomwecho Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anafunsa chimene munthu wakuda adzapindule akakhetsa magazi pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya. Ananena kuti ngati nkhondoyo njofunika, apite olemera ndi eni minda ikuluikulu, asatume amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo. Zimene ankaopa zinachitikadi: pomatha nkhondo amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anali atagwira ntchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikali mitunda italiitali, ndipo ambiri anafa ndi matenda ndi njala.

Agogo ena, amene anali asanatukule maso pa bawo, anafunsa modekha: "Mdzukulu wanga, nanga pa 23 Januwale 1915, anyamata a Chilembwe popita kwa Livingstone ku Magomero, ananyamula gitala?"

Phokoso linabuka. Zoonadi, patangotha miyezi iwiri chilembereni kalata yokana nkhondo, m'busa wa ku Mbombwe anadzutsa nkhondo yakeyake, ndipo pa 3 Febuluwale iye mwini anaphedwa. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timapuma pa 15 Januwale pomukumbukira. Ena anati ndiye kuti anasintha maganizo. Ena anati thangata, zikoti ndi kutenthedwa kwa matchalitchi ake zinamufikitsa pakhoma. Wina anafuula kuti nkhondo simanga mudzi, mnzake n'kumubwezera kuti mudzi wake uti, popeza malo onse anali atalandidwa kale. Mkangano uli mkati, bambo amene ankagonja anapezerapo mwayi wosuntha njere ziwiri mwakachetechete, ndipo zitadziwika, pa bawo pomwepo panatsala pang'ono kubuka nkhondo ina imene aliyense anaiona kuti njoyenera.

Mnyamata wa ku Chanco, atapezanso mpweya, anabweretsa mfundo imene inandisangalatsa. Anati ngakhale makolo a nyimbo zimenezi anakumana ndi mphambano yomweyo. Mu Meyi 1941 Pete Seeger ndi anzake a gulu la Almanac Singers anatulutsa chimbale chotsutsa zoti America ilowe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mwezi wotsatira Hitler anaukira Soviet Union, ndipo chimbalecho anachichotsa pa msika. Mu 1942 Seeger anavala yunifolomu n'kukatumikira ku Pacific. Mnzake Woody Guthrie anakwera sitima zonyamula katundu wa nkhondo, gitala yake italembedwa mawu oopseza otsatira Hitler. Seeger yemweyo ndiye anadzakhala patsogolo potsutsa nkhondo ya Vietnam. Agogo aja anati, "Ndiye kuti nawonso ankasankha." Ankasankhadi, monga Chilembwe anasankhira. Mmene ndikuonera, anthu amenewa sankadzitsutsa. Pa nkhondo iliyonse ankafunsa kuti walamula ndani, akafe ndani, ndipo phindu likalowa m'thumba la yani. Yankho la ku Karonga linali losiyana ndi la ku Magomero, la Hitler losiyana ndi la Vietnam.

A mipingo nawo sanatsalire. Akatekisiti ena atamva kuti nyimbo ya The Byrds imene inali pamwamba mu Disembala 1965 mawu ake anachokera pa Mlaliki 3, anatsegula Baibulo pakhonde la sitolo. A mbali ya asajeni anakondwa kupeza kuti nkhondo ili pa mndandanda wa zinthu zokhala ndi nyengo yake. Amayi a Mvano analoza kuti chimene chatsekera mndandandawo ndi mtendere. Akatekisiti anakumbutsa za Thomas Aquinas, amene m'zaka za m'ma 1200, potsatira Augustine, anaphunzitsa kuti nkhondo ikhale yolamulidwa ndi wolamulira wovomerezeka, ikhale ndi chifukwa cholungama, ndiponso cholinga chabwino. Telala wa pakhondepo, singano ili pakamwa, anati mayesowo ndi abwino, vuto n'lakuti boma lililonse limalemba lokha, kudzichonga lokha, n'kudzipatsa 100. A Mboni anati iwo sagwira mfuti ya boma lililonse. Ashehe anati m'Chisilamu ngakhale nkhondo yodziteteza ili ndi malire: mwana, mkazi, nkhalamba ndi mtengo wa zipatso sizikhudzidwa.

Anyamata a kabaza ndiwo anafunsa funso la ndalama: "Madala, nyimbo inaimitsapo chipolopolo?" Anawerengera pa zala kuti kuchokera 1963 kufika 1975, pamene Saigon inagwa, ndi zaka 12, ndipo kasitomala wodikira zaka 12 ndiye kuti njinga inafa. Masamuwo ndi olondola. Koma pali zina zimene zinachitika pakati pa zakazo. Mu 1967 wailesi ya kanema ya CBS inadula nyimbo ya Seeger yonena za mtsogoleri wouma mutu amene akulowetsa asilikali ake m'madzi akuya, ndipo anthu atadandaula inamulola kuiimba chaka chotsatira. Pa 4 Meyi 1970 asilikali anawombera ophunzira pa yunivesite ya Kent State n'kupha 4. Neil Young ataona zithunzi zake analemba nyimbo yotchedwa Ohio, anaijambula ndi anzake mwezi womwewo, ndipo mawailesi ena anakana kuiika. Mu 1971 zaka zovotera zinatsika kufika pa 18, ndipo mu 1973 kukakamiza anyamata kulowa usilikali kunatha. Sindinganene kuti gitala yokha inachita zimenezi. Mabokosi a maliro amene ankatsika m'ndege analankhula mokweza kuposa woimba aliyense. Koma nyimbo zinathandiza mayi wolira yekha m'nyumba kudziwa kuti olira ndi ambiri, ndipo anthu ambiri akadziwana, andale amayamba kuwerenga mavoti.

Zoti olamulira amaopa nyimbo madala a mu Zomba sanafune kuuzidwa. Anakumbutsana, akuseka mpaka misozi, kuti nthawi ya Kamuzu nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa muno chifukwa cha dzina lokhalo, ngakhale inalibe mfuti kapena ndale m'kati mwake. Anyamata aja anati iwo safunika kubwereka woimba ku America, ali ndi Soja wawo Lucius Banda wa ku Balaka, amene anatulutsa chimbale cha Cease Fire mu 1996 ndipo anatisiya mu Juni 2024. Mmodzi wa iwo amavina beni kwawo ku Machinga, ndipo anadabwa kumva kuti kuguba, mayunifolomu ndi maudindo a m'gule ameneyu, monganso a malipenga a kunyanja, anachokera ku perete wa asilikali a atsamunda. Anati ndiye kuti makolo athu anatenga nkhondo n'kuisandutsa gule, ndipo akufuna dziko lonse litengere pamenepo.

Pali woimba mmodzi amene sali mu fulashi muja koma ndikufuna a Zomba amudziwe. Dzina lake ndi Trịnh Công Sơn, wa ku Vietnam komweko, amene ankaimba ndi gitala mabomba akugwa m'dziko lake. Nyimbo zake zinkalira maliro a mbali zonse ziwiri. Boma la kummwera linaziletsa, ndipo opambana a mu 1975 nawonso anatenga nthawi asanamukhululukire. Anamwalira mu 2001. Iyeyu ndi mayi wa kachewere uja akanamvana popanda womasulira.

Mukandifunsa pamene ndaima, ndikuti asajeni ali ndi mfundo imene sindingaithawe. Pamene anthu akuphedwa monga zinalili ku Rwanda, kuima patali ndi manja oyera ndi tchimo, ndipo msilikali amene waima pakati pa chigawenga ndi mwana ndimamuvulira chipewa. Nkhondo yoyenera ilipo. Koma ndi yosowa kwambiri kuyerekeza ndi kuchuluka kwa nkhondo zimene zimadzitcha choncho, ndipo olamula nkhondo sanasowepo mawu okoma. N'chifukwa chake oimba ovutitsawa ndi ofunika, ngakhale olira m'mphuno. Amafunsa mokweza zimene msilikali wa pa mzere saloledwa kufunsa.

Nkhaniyi si ya kale kapena ya kutali. Mu Januwale 2025 asilikali athu atatu anafa kummawa kwa Congo pomenyana ndi zigawenga za M23, ndipo mwezi wotsatira Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, analamula kuti gululo likonzekere kubwerera. Ana amenewa ali ndi amayi awo m'midzi yathu, ngati mmene analili eni maina olembedwa pa nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a KAR imene timaidutsa polowa mu Zomba. Inu owerenga, mukadutsa pa nsanjapo tsikani muwerengeko maina, ndipo mukawazonde asilikali okalamba amene akukhala pafupi ndi Cobbe Barracks, osadikira Novembala. Nanunso aphungu athu, tsiku limene ana athu adzatumizidwenso kunja, mudzafunse m'Nyumba ya Malamulo, anthu akumva pa wailesi: akukateteza ndani, adzabwerako liti, njira zokambirana zayesedwa mpaka pati, ndipo wina akakafa, mkazi wake ndi ana adzawasamala ndani. Mudzafunse ndege isananyamuke.